Kuchokera ku Dambwe Kufika ku Capital Hill: Mbiri ya Mkangano wa Zophunzitsa Ana

Akuluakulu akale adati m'mera mpoyamba, ndipo palibe kholo limene limatsutsa mawu amenewa. Pamene anthu amasemphana maganizo ndi pa funso lakuti mmerawo aupalire ndani, ndiponso ndani adzaime m'munda nthawi yokolola kuti agamule kuti mbewu iyi yacha, iyi yapserera. Funso limeneli lazunguza mitu ya makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi ndi andale m'dziko muno kwa zaka zoposa 100. Mbali yaikulu ya mkanganowu idachitikira ku Lilongwe, ndipo ina, ngakhale idabukira kutali, idadzagamulidwira komweko.

Lilongwe asanakhale mzinda adali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, pamalo amene lero amatchedwa Old Town. Sukulu zoyamba m'midzi yozungulira kabomako sizidali za boma ayi. Zidali za amishoni: a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, amene adayamba ntchito yawo ku Mvera m'chaka cha 1889 nadzakhazikitsa likulu lawo ku Nkhoma, ndi ansembe a Chikatolika a gulu la White Fathers, amene adamanga ku Likuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'sukuluzi ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono ndi katekisimu.

Koma mudzi wa Achewa sudali wopanda sukulu. Anyamata adali ndi dambwe, atsikana adali ndi tsimba, ndipo anamkungwi adali aphunzitsi odziwa bwino ntchito yawo. Ngakhale mayeso adalipo, pakuti mnyamata wodzitcha wometa ankafunsidwa mafunso obisika, ndipo akalephera kuyankha ankaona zakuda. Tsono sukulu ziwirizi zidayamba kulimbirana mwana mmodzi yemweyo. Mphunzitsi wa mishoni ankati wopita kudambwe asapondenso m'kalasi. Akuluakulu a mzinda ankati mwana wosameta si munthu, ndipo sadzaloledwa kuyandikira pamene anzake akuika maliro a atate ake. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowu udafika povuta m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Dowa. Makalasi ankatsala apululu nyengo ya gule, amishoni ankakadandaula kwa bwanamkubwa wa boma kuti aletse Nyau, mafumu nawo ankakadandaula kuti sukulu ikuwalanda ana. Atsamunda adayesa kuika malire apa ndi apo, koma Nyau sadazithetse. Adzukulu asunge nkhani imeneyi pamtima, chifukwa idzabweranso itatembenuka malaya.

Padangopita zaka zowerengeka, dandaulo la makolo lidasintha. Anthu adaona kuti wodziwa Chingerezi ankalembedwa ukalaliki kuboma, pamene mnzake wodziwa Chinyanja chokha ankasenza katundu kapena kupita kumigodi ku Joni ndi ku Harare. Makolo omwe aja ankabisa ana awo adayamba kufunsa chifukwa chimene ana awo ankaphunzitsidwa ukalipentala, kuumba njerwa ndi ulimi m'malo mwa chilankhulo chopezera ntchito. Mabungwe a anthu akuda ophunzira, amene mmodzi mwa atsogoleri awo adali Levi Mumba, adapempha kambirimbiri kuti boma limange sukulu zakezake ndi kutsegula sekondale. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro m'chaka cha 1926, koma sekondale yoyamba idadzatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ndipo chigawo chapakati chidadikira mpaka 1951 pamene ya ku Dedza idayamba. Kuyambira pamenepo mpaka lero, kholo la Chimalawi silidasiye kukhulupirira kuti Chingerezi ndiye mfungulo. Amene amaiwala mfundo imeneyi sangamvetse mikangano yonse yotsatira.

M'mwezi wa September chaka cha 1968, chipani cha Malawi Congress chidachita msonkhano wake waukulu wapachaka ku Lilongwe. Msonkhanowo udagamula kuti Chinyanja chikhale chilankhulo cha dziko lonse, kuti dzina lake likhale Chichewa, ndi kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zigwire ntchito za boma. Chitumbuka, chimene chinkamveka pawailesi ndi kuphunzitsidwa m'sukulu za kumpoto, chidachotsedwa. Chaka chotsatira Chichewa chidalowa m'sukulu za dziko lonse, ndipo mu 1972 padakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti lizilongosola kalembedwe ndi mawu oyenera. Kwa mwana wa ku Mchesi kapena ku Kawale, lamuloli lidangomupatsa phunziro lophweka. Kwa mwana wa ku Rumphi kapena ku Karonga, lidamusenzetsa zilankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, ndipo ankalemba mayeso ofanana ndi mnzake amene adayamwira Chichewacho. Makolo a kumpoto adamva kuwawa, koma masiku amenewo munthu ankadandaulira m'bulangete. Wonena poyera ankatha kukagona ku Dzaleka kapena ku Mikuyu.

Chodabwitsa n'chakuti Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adakweza Chichewa chotero, ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, wina n'kumatanthauzira. Ndipo pamene adamanga sukulu ya kumtima kwake, Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene idatsegulidwa mu 1981, adaikamo Chilatini, Chigiriki, aphunzitsi ochokera kunja ndi mayeso a ku England. Anthu sadanene kanthu, koma adaona. Adaphunzirapo kuti pali maphunziro a ana a anthu onse, ndiye pali maphunziro a ana osankhika.

Mzinda wa Lilongwe nawo udamangidwa mofananamo. Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, Unduna wa Zamaphunziro udapeza malo ake pa Capital Hill, pamwamba pa City Centre. Akuluakulu a boma adapatsidwa nyumba za mabwalo aakulu ku Area 10, 11, 12 ndipo kenaka 43, pamene amithenga, alonda ndi amalonda a pamsika adakhala ku Kawale, Chilinde, Biwi ndi Area 25. Mtunda wa pakati pa msika wa Old Town ndi Capital Hill ndi wa makilomita owerengeka chabe, woti munthu amauyenda pansi, koma pa nkhani ya sukulu udasanduka mtunda wautali zedi.

Nanga mayeso? Kale ophunzira a sekondale ankalemba mayeso a Cambridge, mapepala ake n'kumawoloka nyanja kukachongedwa. Mu 1969 boma lidakhazikitsa bungwe lakelake la mayeso, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mayeso a MCE adalowa m'malo mwa a Cambridge. Ndiwo adadzatchedwa MSCE. Bungwe la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba, lidabadwa mu 1987 ndipo lidasenza mayeso onse atatu: a Sitandade 8, a JCE a Folomu 2 ndi a MSCE a Folomu 4.

Mwa atatuwa, oopsa kwenikweni adali a Sitandade 8. Kukhoza kokha sikudali kanthu; nkhani idali kusankhidwa. Malo a kusekondale adali ochepa kwambiri kotero kuti mwa ana khumi olemba, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankamva dzina lake. Otsalawo ankabwereza, ena kawiri, ena kasanu, mpaka mnyamata kumera ndevu ali pa benchi lomwelo. Ena ankasintha dzina ndi kuchepetsa zaka zobadwa, nakalembera kusukulu ya boma lina kumene amalume awo ankaphunzitsa. M'mabanja ambiri muli agogo amene dzina la pa satifiketi yawo si limene adapatsidwa potuluka m'chikuta, ndipo adzukulu akafunsa mwaulemu adzamva mbiri yake. Aphunzitsi nawo, poona kuti mbiri ya sukulu idagona pa chiwerengero cha osankhidwa, adasiya zoimba, zojambula ndi zamanja, nayamba kuloweza ana mafunso a zaka zam'mbuyo kuyambira m'bandakucha mpaka nyali zitayaka. Silabasi idalembedwa ku Domasi, koma chenicheni chimene chinkaphunzitsidwa chidali chokhacho chimene chinkabwera pamayeso.

Pamene malo ali ochepa, funso lakuti akusankhidwa ndi ana a yani silichedwa kubuka. Kumpoto, kumene mishoni ya Livingstonia idafesa sukulu molawirira, kunkachokera ophunzira ambiri okhoza bwino kuposa chiwerengero cha anthu ake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidayamba kusankha opita ku yunivesite potengera boma lochokera, njira imene anthu adaitcha kota. Ogwira ntchito ku bungwe la mayeso ochokera kumpoto adanenezedwa kuti ankakondera kwawo, ndipo ambiri adachotsedwa. Mu 1989 Kamuzu adalamula kuti aphunzitsi onse abwerere kukaphunzitsa m'zigawo zawo, ponena kuti a kumpoto ankaphunzitsa mwaulesi dala ana a zigawo zina. Malole adanyamula mabanja, mbuzi ndi mipando kulowera kumpoto pakati pa chaka cha sukulu. Mabanja a anthu okwatirana zigawo zosiyana adasokonezeka. Ndipo amene adalira kwambiri adali ana a ku Lilongwe ndi kummwera omwewo amene lamulolo lidati likuwateteza, pakuti sukulu zawo zidatsala zopanda aphunzitsi okwanira a masamu ndi sayansi. Walira mvula walira matope.

Mu 1993 Khoti Lalikulu lidagamula mokomera ophunzira amene adakasuma, ndipo kota ya ku yunivesite idaima. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adaibwezeretsa mu 2009, Sinodi ya Livingstonia idatsutsa kolimba, ndipo boma la mng'ono wake, Peter Mutharika, lidalengeza kuti laithetsa mu February 2020, dziko likuyembekeza kubwereza chisankho. Kunena zoona, mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. Mwana wa kumpoto wokhoza bwino wosiyidwa chifukwa cha boma limene agogo ake adabadwira adalakwiridwa. Mwana wa kumudzi ku Dedza wophunzira pansi pa mtengo wopanda buku adalakwiridwanso. Koma kota sidamange kalasi ngakhale imodzi. Idangosintha maina a olira.

Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, milomo idamasuka, ndipo mikangano imene idali ya m'bulangete idatulukira pabwalo. Boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya ku pulayimale chaka chomwecho. Ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene sadapite kukoleji, nawapatsa maphunziro a masabata ochepa. Ana amphawi adalowa m'kalasi, chimene chidali chinthu chabwino ndithu. Koma kholo lililonse la ndalama pang'ono lidayamba kusuzumira kwina, ndipo sukulu zoyendetsedwa ndi anthu wamba zidamera ngati bowa, zina m'nyumba zogonamo, zina m'magolosale akale. Chikwangwani chilichonse chinkalonjeza chinthu chimodzi: Chingerezi kuyambira tsiku loyamba.

M'nyengo yomweyo, mu March 1996, Unduna udatumiza kalata m'sukulu yolamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha makolo awo, kaya Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Akatswiri a maphunziro amavomereza kuti mwana amagwira msanga kuwerenga ndi masamu m'chilankhulo chimene amalotera, ndipo cholinga china chidali kuchiza bala la 1968. Koma makolo ambiri adakwiya. Adafunsa kuti mabuku a zilankhulozo ali kuti, aphunzitsi ake ali kuti, ndipo m'kalasi ya mu mzinda ngati Lilongwe, mmene mwakhala ana a mitundu isanu, chilankhulo cha makolo ndi chiti. Funso lowawa kwambiri lidali lakuti ana a olemba kalatayo amaphunzira kuti. Aliyense ankaona magalimoto a m'mawa akutsika kuchokera ku Area 10 ndi Area 43 kukatula ana kusukulu zolipira za mayeso akunja. Kholo la ku Chilinde lidaganiza kuti akulu akufuna kusunga Chingerezi m'mabanja mwawo. Mwina silidalondole pa cholinga cha Unduna, koma maso ake sadalinamize. Lamulolo lidafota lisanakule, chifukwa cha kusowa mabuku ndi ndalama. Patapita zaka, lamulo la zamaphunziro la 2013 lidati chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna Lucious Kanyumba idalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1. Ulendo uno odandaula adali akatswiri a zilankhulo, makolo ambiri akuomba m'manja, ndipo mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi adangopitiriza kufotokoza m'Chichewa monga kale, pakuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi samva lamulo.

Mkangano umene udagwedeza dziko koposa udabuka m'chaka cha 2000. Kuyambira nthawi ya amishoni, ophunzira a sekondale ankaphunzira Bible Knowledge ndi kulemba mayeso ake. Asilamu, amene ndi ambiri ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, ndiponso m'mizinda, monga aliyense wodutsa pa mzikiti waukulu wa pafupi ndi mlatho wa Old Town Lachisanu masana angachitire umboni, adakhala akudandaula kuti sukulu ya boma imaphunzitsa chipembedzo chimodzi chokha. Mbiri yawo idali yowawa, chifukwa makolo awo ambiri adakaniza ana sukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa ndi kusinthidwa maina, ndipo madera awo adatsalira. Unduna udakonza phunziro latsopano lotchedwa Religious and Moral Education, lophatikiza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, kuti lilowe m'malo mwa Bible Knowledge.

Mipingo idaimirira. Maepiskopi a Chikatolika, bungwe la Malawi Council of Churches ndi masinodi a CCAP adati sadafunsidwe mokwanira, chonsecho sukulu zambiri zidamangidwa ndi mipingo ndipo zidali pa malo a mipingo. Popeza Pulezidenti Muluzi adali Msilamu, mphekesera idawanda m'maguwa ndi m'maminibasi yakuti dziko likufuna kulowetsedwa Chisilamu kudzera m'kalasi, ngakhale ntchito yokonzanso silabasi idali ya akatswiri ndipo idatenga zaka. Asilamu nawo adati nawonso amakhoma msonkho umene umalipira aphunzitsi. Muluzi adaimitsa phunziro latsopanolo nakhazikitsa komiti yokambirana, ndipo mapeto ake adali akuti maphunziro onse awiri akhalepo, sukulu zizisankha.

Apa ndi pamene nkhani ya dambwe ija idabwerera itatembenuka malaya. Pa phokoso lonselo, mbali ya chipembedzo cha makolo idasowa woilankhulira mokweza. Mu 1925 agogo ankakaniza mwana sukulu chifukwa sukuluyo inkanyoza mwambo. Mu 2000 adzukulu a agogo omwewo ankakana kuti mwambowo utchulidwe m'kalasi, nati ndi zachikunja. Chonsecho kachisi wa Makewana ku Msinja, kumene Achewa ankapempherera mvula kwa Chisumphi, ali m'boma la Lilongwe lomweli, m'munsi mwa Dzalanyama. Ana ambiri a mumzindawu ankatha kutchula mafumu a Israeli motsatana bwino, koma osadziwa kuti Makewana adali yani. Patangopita zaka zisanu, mu 2005, bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo ena mwa omwe ankamunyoza adayamba kumunyadira pamaso pa alendo.

Chaka cha 2000 chomwecho chidabweretsa manyazi ena. Zotsatira za MSCE zidali zitatsika kale kwambiri, mwakuti mu 1999 okhoza sadakwane 15 mwa ophunzira 100 alionse, ndipo pulezidenti adakhazikitsa komiti yofufuza chifukwa chake. Kenaka mapepala a mayeso a 2000 adabedwa ndi kugulitsidwa poyera, kotero kuti mayesowo adathetsedwa n'kulembedwanso. Mawu akuti likasa adalowa m'kamwa mwa aliyense. Makolo adaloza chala bungwe la mayeso, koma wogula pepala lobedwa nthawi zambiri sadali mwana, pakuti mwana wa Folomu 4 alibe ndalama zotero. Kholo limene lidaona kuti tsogolo lonse la mwana wake lapachikidwa pa mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi, ndi kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ngati mfiti, lidayesedwa, ndipo ena adagwa.

Pofuna kuchepetsa ulamuliro wa mayeso a tsiku limodzi, a ku Malawi Institute of Education ku Domasi adakonza silabasi yatsopano ya pulayimale imene idayamba mu 2007, yoti mphunzitsi aziyesa mwana pang'onopang'ono chaka chonse ndi kulemba m'kaundula zimene mwanayo watha kuchita. Ganizolo lidali labwino kwa kalasi ya ana 40. Kwa mphunzitsi wa ana oposa 100 lidasanduka mtolo wa mapepala, ndipo makolo ankafunsabe funso lawo lakale pa tsiku lotsekera: mwana wanga wakhala nambala chiyani?

Mayeso a JCE nawo adavinitsidwa. Mu 2015 boma la Peter Mutharika lidalengeza kuti likuwathetsa, ponena kuti satifiketi yake sinkapezetsanso ntchito ndipo inkangodya ndalama. Omaliza adalemba mu 2016. Makolo ndi aphunzitsi ambiri adati mwana woyenda zaka zinayi osakumana ndi mayeso a boma amagona tulo, nadzadzidzimuka mu Folomu 4 madzi atafika m'khosi. Boma lomwelo lidabweza mawu mu February 2020, tsiku limene lidathetsa kota, ndipo JCE idalembedwanso kuyambira 2021.

Ana amene sadalembe JCE aja ndiwo adakumana ndi chaka choipitsitsa. Mu March 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo mayeso a MSCE, amene ankalembedwa nyengo yozizira, adakankhidwira kumapeto kwa October, dzuwa likuswa mtengo. Atangolemba masiku owerengeka, zidadziwika kuti mapepala ena akuyenda kale m'mafoni kudzera pa WhatsApp. Zimene mu 2000 zinkafuna munthu wonyamula envulopu usiku, tsopano zinkafika ku Nsanje ndi ku Chitipa m'kuphethira kwa diso. Kumayambiriro kwa November nduna ya zamaphunziro, Agnes NyaLonje, idathetsa mayeso onse. Ophunzira adakhamukira m'misewu ya Lilongwe ndi mizinda ina, apolisi nawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Ambiri mwa anawo sadaone pepala lobedwa ngakhale limodzi, ndipo makolo awo adali atagulitsa kale chimanga ndi mbuzi kuti alipire mayeso ndi malo ogona.

Unduna udati mayeso adzalembedwenso mu March 2021, koma Pulezidenti Lazarus Chakwera adakana kuti ana adikire nthawi yaitali chotero, nalamula kuti alembedwe pofika January ndi kuti utsogoleri wa MANEB usinthidwe. Kubwereza kokhako kudafuna ndalama zokwana K4.5 biliyoni. Ana adalowanso m'zipinda za mayeso mu January 2021, mvula ikugwa, asilikali a nkhondo akulondera mapepala. Zotsatira zitatuluka, okhoza adali 41 mwa ophunzira 100 alionse.